Wofotokoza moyo wake sakusewera

Mu Malichi 2013, pa chionetsero cha makanema cha South by Southwest mumzinda wa Austin ku Texas, kanema wa Ben Nabors wotchedwa William and the Windmill analandira mphoto yaikulu ya oweruza. Amene timamuona m'kanemayo ndi William Kamkwamba mwini wake, mwana wa ku Wimbe m'boma la Kasungu uja anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mu 2019, ku Sundance, Chiwetel Ejiofor anaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind. Nkhani ndi yomweyo, koma William wa m'menemu ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo Ejiofor anakhala bambo ake, a Trywell.

Pakamwa pathu makanema awiriwa amatuluka ndi dzina limodzi: "kanema wa nkhani yoona." Si bodza, koma dzinali likubisa kusiyana kwakukulu. Wa Ejiofor ndi sewero lochokera pa nkhani yoona. Mawu analembedwa kale, osewera analoweza, ndipo akalakwitsa ankabwereza. Wa Nabors ndi umene Angerezi amati documentary, ife tinene kuti kanema wa zochitika zenizeni: wojambula amatsata munthu ndi kamera, zimene munthuyo anene n'zake.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mneni. Mumva wina akuti, "William anasewera bwino m'kanema wa Nabors." Anasewera ngati ndani? Kusewera ndi kuvala khalidwe la munthu wina, monga anachitira Simba. Taganizani za mayi amene akufotokoza pamaso pa kamera mmene mwana wake anafera ndi njala, inu n'kumati "wasewera bwino." Mwamutukwana, chifukwa mwanena kuti misozi yake ndi yonamizira. Mayiyu wafotokoza, wasimba, wachitira umboni. Ngati zonsezi zakukanikani, ingonenani kuti akuoneka m'kanemayo.

Liwu loti chikondwerero, limene ena amatchulira zionetsero za makanema, nalo tizilisamala. Limakhala bwino pa Kulamba kapena pa Umhlangano, pamene pali ng'oma ndi nthungululu. Koma ku IDFA, msonkhano wa makanema a zochitika zenizeni umene umachitika ku Amsterdam chaka chilichonse kuyambira 1988, anthu amaonerako zankhondo, za anthu othawa kwawo ndi zandende. Kumeneko ine ndimakonda kunena kuti chionetsero cha makanema. Vuto lake lili pochulukitsa: Mmalawi akamva "zionetsero" amayamba waganiza za utsi wokhetsa misozi m'misewu ya Lilongwe. Choncho mawu oti "za makanema" asamasiyidwe.

Pomwepo tisamasokonezenso magulu a mayina. Timati kanema uyu, kanema amene. Filimu iyi, filimu imene. "Filimu yemwe wapambana" ndi chiganizo chotsimphina, ngakhale chitamveka pa wailesi.