Malamulo oteteza makina a kompyuta ndi zinsinsi za anthu m'dziko muno

Kuyambira pa 3 Juni 2024, wogwira ntchito m'boma aliyense yemwe amasunga maina a anthu, manambala a ziphaso zawo, zithunzi, zidindo za zala kapena mbiri ya matenda awo ali pansi pa lamulo la Data Protection Act, lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu Disembala 2023. Lamuloli likukhudza kalaliki wa pachipatala, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ndi mlangizi yemwe amalemba maina a olandira zipangizo zaulimi, monga momwe likukhudzira mabanki ndi makampani a lamya za m'manja. Silikukamba za makina a kompyuta okha ayi, komanso mafayilo a pepala omwe adasanjidwa mwadongosolo m'makabati.

Gwero lake ndi ndime 21 ya malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, yomwe imapereka ufulu kwa munthu aliyense wosunga chinsinsi chake, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake. Kwa zaka zambiri ufuluwu udali wongolembedwa, popanda lamulo lofotokoza bwino zomwe ofesi iyenera kuchita ndi zomwe yalemba zokhudza munthu. Panthawiyi n'kuti ntchito zambiri za boma zikuchoka m'mabuku n'kulowa m'makina, ndipo mavuto omwe dziko lino lidakumana nawo m'zaka zapitazi ndi omwe akusonyeza chifukwa chake malamulowa adafunika.

Phunziro la Cashgate

Nkhani yaikulu yoyamba yokhudza makina a boma idaphulika mu Sepitembala 2013, pomwe zidadziwika kuti ndalama zankhaninkhani zinkasololedwa kulikulu la boma ku Capital Hill. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, yomwe idafufuza za nkhaniyi, idapeza kuti ndalama pafupifupi K13.6 biliyoni zidasowa kapena kulipidwa mosatsata ndondomeko pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho. Maiko ndi mabungwe omwe ankathandiza bajeti ya dziko lino adaimitsa thandizo lawo, ndipo zipatala ndi sukulu zidamva kuwawa kwake kwa zaka zingapo.

Ndalamazi zidadutsa m'makina oyendetsera chuma cha boma a IFMIS. Anthu omwe adali ndi mphamvu zolowera m'makinawa ankalembamo malipiro a makampani omwe sadagulitse kanthu kuboma, macheke n'kusindikizidwa, ndalama n'kutapidwa kubanki, kenaka iwo n'kufufuta zomwe adalembazo kuti wobwera kudzafufuza asapeze phazi. Apa padalibe katswiri wa kunja yemwe adathyola makina ali kutsidya kwa nyanja. Adali anthu a m'nyumba momwemo, ogwiritsa ntchito mawu achinsinsi omwe ofesi idawapatsa kapena omwe adatenga kwa anzawo.

Ichi n'chifukwa chake akatswiri amalimbikira pa mfundo yomwe ambiri amaiona ngati yaing'ono, yakuti munthu aliyense akhale ndi dzina lake ndi mawu akeake achinsinsi olowera m'makina. Bwana yemwe amapatsa mlembi wake mawu achinsinsi kuti azivomereza malipiro iye ali kumsonkhano ku Mangochi amakhala wasayina pepala lopanda kanthu. Makina amalemba dzina la mwini mawuwo, osati la yemwe adakhala pampando, ndipo tsiku lofufuza likafika, woyankha mafunso ndi mwini dzina. Boma lidayamba kugwiritsa ntchito makina atsopano a IFMIS m'maunduna mu 2020, komabe makina atsopano sathetsa chizolowezi chobwerekana mawu achinsinsi.

Ziphaso zoyendera mu 2024

Vuto lachiwiri lidali la mtundu wina. Mu Januwale 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno idasiya kusindikiza ziphaso zoyendera, ponena kuti makina ake adali ndi vuto. Mu Febuluwale, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere adalowa m'makinawo ndipo ankafuna dipo kuti awatsekule. Iye adati boma silipereka ndalamazo, ndipo adapereka sabata zitatu kuti ntchito iyambirenso. Kusindikiza kudayambiranso mu Malichi, koma anthu ofuna kupita kunja kukalandira thandizo la chipatala, kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukapikula katundu adali atakhala sabata zingapo akudikira.

Mabungwe ena adakayikira zomwe boma lidanenazi, ndipo adati vutoli lidali lokhudzana ndi kutha kwa mgwirizano wa boma ndi kampani ya Techno Brain, womwe mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo adathetsa mu 2021. Kaya choona chidali chiti, nkhaniyi idaonetsa poyera kuti ofesi ikhoza kukhala ndi makina m'nyumba yake koma makiyi ake ali ndi munthu wina. Kwa oona zogula katundu ndi olemba mapangano m'maunduna, funso loyenera kufunsa mgwirizano usanasayinidwe ndi lakuti kodi mgwirizanowo ukadzatha, zomwe zasungidwa m'makinamo zidzakhala za yani, nanga ndi Amalawi angati omwe aphunzitsidwa kuwayendetsa.

Kufuna dipo kotereku kumachitika motere: mbava zimatumiza pulogalamu yoononga, nthawi zambiri kudzera mu imelo yooneka ngati yochokera kwa bwana kapena kubanki. Munthu akangotsekula, pulogalamuyo imafalikira m'makina onse olumikizana ndi kompyutayo n'kutseka mafayilo kotero kuti sangawerengeke. Zikatero mbavazo zimanena mtengo. Si dziko lino lokha lomwe lidaonapo zoterezi. Mu Meyi 2017 pulogalamu ya WannaCry idasokoneza zipatala zambiri za boma ku Britain, pomwe mu 2021 ku South Africa kampani yoyendetsa madoko ndi njanji ya Transnet komanso unduna wa zachilungamo zidaima ntchito pa chifukwa chomwechi. Ofesi yomwe imasunga makope ena a mafayilo ake pamalo osalumikizana ndi makina a tsiku ndi tsiku imadzuka msanga. Yomwe ilibe makopewo imayambira pansi.

Kuba kwa pa lamya

Kwa anthu ambiri m'midzi ndi m'matauni, umbava wa makono umafika kudzera pa lamya ya m'manja. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Njirazi zathandiza anthu omwe alibe buku la kubanki kutumiza ndalama, kulipira magetsi, madzi ndi fizi, koma zatsekuliranso khomo atsizinamtole onamizira kuti atumiza ndalama molakwitsa, kuti munthu wapata mphoto kapena kuti mwana wake wadwala kusukulu. Mu 2023 bungwe loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga la MACRA lidati Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pa mwezi mwa njira zoterezi, ndipo kafukufuku adasonyeza kuti mauthenga ambiri achinyengo ankachokera kwa akaidi a kundende ya Zomba.

Kalembera wa manambala a lamya, yemwe adachitika mu 2018 potsatira lamulo la Communications Act la 2016, adadalira chiphaso chaunzika chomwe nthambi ya National Registration Bureau idayamba kupereka italemba anthu oposa 9 miliyoni mu 2017. Cholinga chidali chakuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika. Mbava zidapeza njira yozembera polembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena, makamaka okalamba ndi a kumudzi omwe amapereka chiphaso chawo kwa aliyense wonena kuti akulemba maina a olandira thandizo. Apa ndi pomwe ofesi za boma zikukhudzidwa kwambiri, pakuti mndandanda wa maina ndi manambala a ziphaso womwe watayidwa m'dzala kapena kutumizidwa pa gulu la WhatsApp ndi katundu wamalonda kwa akuba.

Zomwe lamulo la 2016 likunena

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidavomerezedwa mu 2016 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2017. Mbali yake yoyamba ndi yothandiza malonda: limavomereza kuti mgwirizano wochitika pa makina, siginecha ya pa makina ndi uthenga wa pa kompyuta zikhoza kulandiridwa ngati umboni kubwalo la milandu. Lidakhazikitsanso nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA, yomwe ntchito yake ndi kulandira malipoti ndi kuthandiza pomwe makina asokonezedwa.

Mbali ina ndi ya milandu. Kulowa m'makina popanda chilolezo, kusintha kapena kufufuta zomwe zili m'menemo ndi mlandu womwe chilango chake ndi chindapusa cha K2 miliyoni ndi kukhala kundende zaka 5. Kuthyola makina kapena kulowetsamo mavayirasi mwadala chilango chake ndi K5 miliyoni ndi zaka 7. Kutumiza mauthenga onyoza ndi osowetsa mtendere popanda chifukwa chomveka chilango chake ndi K1 miliyoni ndi miyezi 12. Ndime yomalizayi yakhala ikudzudzulidwa ndi bungwe la atolankhani la MISA Malawi, lomwe limati yagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zomwe adalemba pa Facebook ndi WhatsApp. Chinanso n'chakuti zindapusazi zidaikidwa ndalama ya kwacha isanagwe ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti kwa munthu yemwe waba mamiliyoni ambiri, choopsa chatsala ndi ndende basi.

Udindo wa ofesi pansi pa lamulo la 2024

Lamulo la Data Protection Act lidapereka mphamvu zoyang'anira nkhanizi kwa MACRA. Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta kumva, ngakhale kuzitsata kukufuna kusintha zizolowezi. Ofesi iyenera kutenga zokhudza munthu pa chifukwa chodziwika ndi chovomerezeka, itenge zokhazo zomwe zikufunika pa ntchitoyo, ionetsetse kuti n'zolondola, isazisunge kupyola nthawi yofunika ndipo iziteteze. Maina omwe adalembedwa pofuna kugawa chimanga sayenera kuperekedwa kwa kampani yobwereketsa ndalama kapena kwa wandale wokonzekera chisankho. Fomu yofunsira malo kusukulu yomwe imafunsa mtundu wa munthu ndi chipembedzo chake popanda chifukwa iyenera kuunikidwanso, pakuti lamuloli limaika chitetezo chapadera pa nkhani za umoyo, chipembedzo, mtundu, maganizo a ndale ndi zizindikiro za thupi monga zidindo za zala.

Mwini nkhani ali ndi ufulu wodziwa zomwe ofesi ikusunga zokhudza iye, kupempha kuti zolakwika zikonzedwe, ndipo nthawi zina kuti zifufutidwe. Zinsinsi zikatuluka, kaya chifukwa chakuti makina athyoledwa kapena laputopu yabedwa m'galimoto, MACRA iyenera kudziwitsidwa pasanathe maola 72, ndipo ngati ngoziyo ili yaikulu, eni ake nawonso auzidwe. Chizolowezi chobisa vuto poyembekezera kuti bwana abwere kutchuthi sichikugwirizana ndi nthawi imeneyi. Mabungwe omwe amasunga zokhudza anthu oposa 10,000 akuyenera kulembetsa ku MACRA, ndipo khonsolo kapena chipatala chachikulu chilichonse chimadutsa nambala imeneyi mosavuta.

Lamuloli limaikanso malire pa kutumiza zokhudza anthu kunja kwa dziko. Wogwira ntchito yemwe amatumiza mndandanda wa malipiro kudzera mu Gmail kapena Yahoo yakeyake amakhala wausunga m'makina a kampani ya kunja, ndipo akadzapuma pantchito amapita nawo kwawo. Adiresi za boma zothera ndi gov.mw zidakhazikitsidwa pofuna kupewa zoterezi.

Pali malo amodzi omwe maofesala ofalitsa nkhani ayenera kuyenda mosamala. Lamulo la Access to Information Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limalamula ofesi kuyankha wopempha nkhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Malamulo awiriwa sakutsutsana. Ndalama zomwe zidamangira mlatho ndi dzina la kampani yomwe idapatsidwa ntchitoyo ndi nkhani za anthu onse, pomwe zotsatira za magazi a wodwala ndi zake yekha. Kugwiritsa ntchito lamulo la 2024 ngati chobisalira pokana kuulula momwe ndalama za misonkho zayendera kungakhale kuphwanya lamulo linalo.

Zonsezi zikuchitika pomwe zosungidwa m'makina zikuchulukirachulukira. Ntchito ya Digital Malawi, yomwe World Bank idavomereza mu 2017 ndi ndalama zokwana 72.4 miliyoni za ku America, idalumikiza maofesi a boma, sukulu ndi zipatala ku intaneti. Malo aakulu osungirako nkhani za boma a National Data Centre adatsekulidwa ku Blantyre mu 2022, ndipo kampani ya Starlink idayamba kupereka intaneti m'dziko muno mu 2023. Chaka chomwecho Unduna wa Zamaphunziro udayambitsa ndondomeko ya BEFIT m'sukulu 500 za pulayimale, momwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa. Pa nkhani za ana, lamulo la 2024 likuti pomwe chilolezo chikufunika, wopereka ndi kholo kapena womulera, ndipo wotenga chilolezocho ayenera kutsimikiza kuti munthuyo ali ndi udindo umenewo pa mwanayo.