Macheka Oyenda pa Matayala a Galimoto

Anthu akamakamba za mbiri ya boma la Karonga amathamangira nkhani zikuluzikulu: Mlozi ndi malinga ake a ukapolo amene anagwetsedwa m'chaka cha 1895, nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani ya mu Seputembala 1914, kapena chinyama chija cha Malawisaurus chimene ana a sukulu amakachiona m'nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004. Zonsezi n'zoyenera kukambidwa. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchito ya boma kuno, funso limene landisowetsa mtendere ndi laling'ono ndithu. Thabwa lili pachitseko cha nyumba, pabenchi la m'kalasi ndi pabokosi la maliro lija, analicheka ndani, ndipo analicheka ndi chiyani? Thabwa nalonso lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo imatiuza amene anali ndi chitsulo m'manja pa nyengo iliyonse.

Makolo a Ankhonde sankasowa matabwa chifukwa moyo wawo sunkawafuna. Nyumba ankamanga ndi nsungwi, dothi ndi udzu, ndipo alendo oyamba achizungu anachita chidwi ndi ukhondo wa midzi yawo yokhala pakati pa nthochi. Mtengo waukulu ukagwetsedwa unkasanduka chinthu chimodzi: bwato, mtondo kapena ng'oma. Mmisiri ankaugoba ndi nkhwangwa ndi kasemasema, zotsala zonse n'kukhala zipalapasiro za pamoto. Nzeru yoti m'chipika chimodzi mungatuluke matabwa khumi ofanana inabwera ndi sitima zapanyanja.

Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, inakhazikitsa sitolo yake ku Karonga mu 1884. Pa nthawi imeneyo n'kuti ntchito yolambula msewu wa Stevenson, wochoka kuno kulowera kunyanja ya Tanganyika, itayamba kale mu 1881. Njira imeneyi ndiyo inadutsa sitima ya amishoni yotchedwa Good News, ili zidutswazidutswa pamitu ya amtengatenga, mpaka inakalumikizidwa ndi kuyandama pa Tanganyika mu 1885. Ndimakonda kuiganizira nkhaniyi chifukwa ikusonyeza kuti makina a sitimayi anthu a kuno sanawaone ali athunthu. Anawaona ali mabauti, mapaipi ndi malata, ndipo anamva kulemera kwake m'khosi.

Sukulu yeniyeni ya matabwa inali ku Khondowe, m'boma loyandikana nalo la Rumphi, kumene Dr Robert Laws anasamutsirako mishoni ya Livingstonia mu 1894. Sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga ndi maluso ena amanja, ndipo pofika 1905 pamalopo pankayaka magetsi a mphamvu ya madzi. Anyamata amene anaphunzira kumeneko anamwazikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ena mpaka ku Tanganyika ndi kumigodi, atatenga luso la randa ndi sowo. Kalipentala akachuluka, wocheka matabwa amafunika. Umu ndi mmene sowo yapadzenje inafalikira.

Amene anabadwa mochedwa mwina sanaione ntchito imeneyi. Ankakumba dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, kapena kumanga thandala pamalo otsetsereka, n'kugubuduzirapo chipika. Kenaka ankaviika chingwe m'makala osinja, kapena mumwaye wa m'mabatire akutha a wailesi, n'kuchimenyetsa pachipikacho kuti chisiye mizere. Munthu mmodzi ankaima pamwamba kukoka sowo ndi kulondola mzere, mnzake ali m'dzenje kuigwetsa pansi, utuchi ukumuthira m'maso ndi m'mphuno kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndili mwana ndinkawaona amuna oterewa akubwera kumsika atasenza thabwa limodzi kapena awiri a mlombwa, mapewa atachita zikang'a. Sowo yapadzenje sindiinyoza. Inafolera matchalitchi ndi masukulu ambiri a dziko lino, ndipo chifukwa choti inali yochedwa, nkhalango inkapeza mpata wopuma.

Kunja kwa dziko lino nzeru ina inali itapita kale patsogolo. Mu 1809 Mngerezi wina, William Newberry, analembetsa luso la macheka a lamba, kutanthauza mpeni wopyapyala wa mano wolumikizidwa nsonga zake n'kukhala ngati lamba wozungulira pa mikombero iwiri. Vuto linali loti polumikizira pankaduka msanga. Anathetsa vutoli ndi mayi wa ku France, Anne Paulin Crépin, amene mu 1846 anapeza njira yowotcherera mpeniwo kuti uzipirira kupindika. Komabe kwa zaka zoposa 100 macheka a mtunduwu anali a m'mafakitale akuluakulu. Zinthu zinasintha mu 1982 pamene kampani ya Wood-Mizer ya ku Indianapolis, ku America, inayamba kugulitsa makina ang'onoang'ono otheka kuwakoka ndi galimoto kupita nawo kumene kuli mtengo.

Kwathu kuno makinawa anatchuka chifukwa cha Chikangawa. Nkhalango ya paini ya pa Viphya, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa kwambiri kuyambira mu 1964 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Mitengo itakhwima popanda fakitale, boma linapereka gawo lina kwa kampani ya Raiply mu 1999, kwinako n'kulowa ocheka ang'onoang'ono. Ambiri mwa iwo ankagwiritsa ntchito macheka ozungulira ngati mbale, oyendetsedwa ndi injini yadizilo ya ku China yonga ya chigayo, amene anthu ankangowatchula kuti Amec potengera dzina lolembedwa painjinipo. Ife a ku Karonga gawo lathu linali loonerera. Malole odzaza matabwa ankadutsa pamsewu wa M1 usana ndi usiku kulowera kuchipata cha Songwe, kupita kumisika ya kum'mawa kwa Africa, pamene kalipentala wa pa Karonga ankagula thabwa lomwelo pamtengo wokwera ngati lachokera kunja.

Kenaka kunabwera zivomezi za mu Disembala 2009. Zinayamba pa 6, ndipo chachikulu chinagwedeza pa 19 mwezi womwewo. Nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo aliyense amene ankamanganso ankafuna mitengo ya denga, mafelemu ndi zitseko. Mgodi wa Kayelekera unali utangotsegulidwa chaka chomwecho, ndalama zikuyenda m'tauni, nyumba za lendi zikumera ngati bowa. Posakhalitsa, mu 2011 ndi 2012, dziko linalowa m'chilala cha mafuta ndi ndalama zakunja. Makina ochekera ochokera kunja, amene kale omwe anali a anthu olemera, anasanduka loto.

M'nyengo imeneyo ndi mmene ndinaonera makina a lamba akumangidwa ndi manja, kuseri kwa shedi ya mmisiri wina wowotcherera zitsulo amene ndinkapita kukakonzetsa njinga yamoto ya kuntchito. Bamboyu anali atagwirapo ganyu ku Chikangawa, ndipo makina achizunguwo anawayang'anitsitsa mpaka kuwaloweza pamtima. Tsiku lina ndinamupeza akuyeza matayala awiri a galimoto yaing'ono ndi chingwe. Nditamufunsa ngati wayamba kukonza magalimoto, anaseka.

"Adada, awa ndi macheka. Mubwere mwezi wamawa mudzaone thabwa."

Sunali mwezi umodzi, inakwana miyezi isanu, ndipo ine ndinkapatukirapo pafupifupi Loweruka lililonse. Zipangizo zinachokera kumene zitsulo zimafera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi Nacala, katundu wambiri wa dziko lino wakhala akudzera ku Dar es Salaam, Mbeya ndi Songwe, ndipo msewu wa malole susowa mitembo ya malole. Njanji ziwiri zoyendapo makina, zotalika mamita 6, anazipanga ndi zitsulo zangodya zochotsa pangolo ya lole yakugwa. Mahabu ndi mabering'i a matayala anachokera ku galimoto yomwe inapereka matayalawo. Injini inali ya chigayo chimene mwini wake anachisiya atalumikiza magetsi. Timabering'i ting'onoting'ono togwira mpeni kuti usagwedezeke anatichotsa m'maalutaneta akupsa, ndipo chokwezera ndi kutsitsira mutu wonse wa makinawo chinali chitsulo chamazinga chozunguzidwa ndi chogwirira, chothandizidwa ndi tcheni cha njinga yamoto.

Apa ndiyenera kuchedwapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yotere ndi yongolumikiza zitsulo mwachisawawa. Tayala la galimoto lili ndi msana wotukuka pakati, ndipo mpeni wa lamba ukamazungulira umakwera wokha kukakhala pamalo otukukapo. N'chifukwa chake matayala opopa bwino amagwira ntchito ya mikombero yodula ya kufakitale. Koma matayala awiriwo ayenera kuyang'anizana ndendende. Limodzi likapotoka pang'ono chabe, mpeni umavuka n'kuuluka. Choncho tayala losayendetsedwa ndi injini analiika pachitsulo chotsetsereka, chokhala ndi bauti imodzi yokokera mpeni kuti ulimbe ndi ina yopendeketsera tayalalo mpaka mpeni utakhazikika.

Liwiro nalo lili ndi masamu ake. Mpeni wocheka chipika umafuna kuthamanga pafupifupi mamita 25 pa sekondi. Tayala la masentimita 60 m'mimba mwake limayenda pafupifupi mamita 1.9 likazungulira kamodzi, ndiye liyenera kuzungulira maulendo ngati 800 pa mphindi. Injini ya chigayo ija imazungulira maulendo 2,200. Pule ya kutayala iyenera tsono kukula pafupifupi katatu kuposa ya kuinjini. Masamu amenewa mmisiriyu anawalemba ndi choko pachitseko cha shedi, munthu amene sukulu anailekera ku pulayimale. Ine wa satifiketi ndinangowatsimikiza ndi kakyuleta ya muofesi. Chimene chinamudyera masabata ambiri ndi njanji. Zikapanda kugona mofanana, thabwa limatuluka lonenepa uku n'kuonda uko, ndipo iye anaziwongola ndi paipi yoonekera mkati yothiramo madzi, monga amachitira amisiri omanga nyumba. Pamwamba anapachika chigubu chodonthezera madzi a sopo pampeni kuti usatenthe ndiponso utomoni usakakamire.

Chinthu chimodzi chokha sichikanatoledwa kudzala: mpeni weniweniwo. Chitsulo chake n'chapadera, cholimba kumano koma chofewa kumsana, ndipo anachita kuitanitsa kudzera kwa amalonda opita ku Mbeya. Mano ake amapindidwa motsatana, lina kumanja, lina kumanzere, lina n'kusiyidwa chilili, kuti mpata wochekedwa ukule pang'ono kuposa mpeniwo. Ukabuntha umayamba kuyenda mokhotakhota m'chipika. Ukaduka ankauwotcherera, ndipo ndikamuona atawerama pa ntchito imeneyo ndinkakumbukira mayi wa ku France uja, amene bamboyu sanamvepo dzina lake.

Phindu la makina otere lili mu utuchi. Mpeni wa lamba umadya mamilimita awiri kapena atatu pa mzere uliwonse. Macheka ozungulira aja amadya pafupifupi 6, ndipo makina a tcheni ogwetsera mitengo, amene ena amachekeranso matabwa, amadya pafupifupi 9. Pa mizere khumi, wocheka ndi tcheni wataya mamilimita 60 kuposa mnzake wa lamba, omwe ndi matabwa awiri a inchi imodzi osanduka fumbi. Chipika choyamba chinali cha mango wakale amene anagwa ndi mphepo. Thabwa litatuluka, kalipentala wina wachikulire amene anabwera kudzaonerera analisisita ndi chikhatho, n'kunena kuti randa ipumako chaka chino.

Monga wantchito wa boma sindingabise mbali inayo. Walira mvula walira matope. Chimene amuna awiri a padzenje ankachita sabata yathunthu, makinawa amachita tsiku limodzi, ndipo sasankha kuti uwu ndi bulugamu wobzala kapena mbawa ya m'mbali mwa mtsinje. Nkhalango ya Vinthukutu ndi za m'mapiri a kumadzulo kwa boma lino zikuvutika kale ndi makala ndiponso nkhuni zowotchera njerwa. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo podula mitengo yachilengedwe yogulitsa ndi ponyamula matabwa ake, koma alonda a nkhalango ndi ochepa ndipo mapiri ndi aakulu. Palinso ngozi. Mpeni woduka uli paliwiro umakwapula ngati chikoti, ndipo makina ena amene ndawaona m'zaka zotsatira alibe n'chotchinga chomwe. Mmisiri wathuyu anaphimba matayala ake ndi migolo yodula pakati, ndipo ndimaona kuti amene amanyalanyaza zimenezi akusewera ndi manja a ana a eni ake amene amawalemba ganyu.

Komabe sindigwirizana ndi anzanga ena a m'maofesi amene amati makina opanga okha angoletsedwa. Mtengo wobzala pakhomo, kaya malaina, bulugamu kapena mango wokalamba, umakhala nkhuni chabe ngati palibe woucheka pafupi, ndipo munthu sabzala chinthu chimene sadzapindula nacho. Kumene kuli macheka otere ndamva alimi a mpunga akuwerengera mitengo ya m'malire a minda yawo ngati mmene amawerengera ng'ombe. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mpeni unakwera kotero kuti mmisiri uja, amene tsopano imvi zayamba, anapanganso kachipangizo konolera mano pogwiritsa ntchito mota ya makina osokera. Ocheka a padzenje awiri amene ankamubweretsera zipika poyamba paja, mmodzi ndiye amayendetsa makinawo masiku ano. Winayo anakana, akuti phokoso la injini limamulepheretsa kumva mmene mtengo ukulirira, ndipo sowo yake yaitali ija akadali nayo kumudzi kwawo kumapiri.