Za Kugonjetsedwa kwa Abritoni

Ambiri a ife timayesa kuti cisumbu ca Britain cakhala camphamvu ciyambire kale. Koma mbiri itiuza kuti eni ace akale, Abritoni, anagonjetsedwa ndi Aroma, nalamulidwa ndi alendowo zaka zoposa 350. Tiyeni tione cimene cinawagwetsa.

Masiku amenewo Abritoni sanali mtundu umodzi iai, koma mafuko ambiri, lililonse ndi mfumu yace, ndipo analimbana okhaokha. Julius Caesar anaoloka nyanja kukamenyana nao m'caka ca 55 ndi ca 54 asanabadwe Kristu, koma sanakhalitse. Zitapita zaka pafupifupi 100, mfumu ina dzina lace Verica, itapitikitsidwa m'dziko lace, inathawira ku Roma kukadandaula. Kaisara Claudius, yemweyo timamwerenga m'Macitidwe a Atumwi, anapezapo cifukwa ca nkhondo; ndipo m'caka ca 43 anatuma kazembe Aulus Plautius ndi magulu akuru anai a asilikari. Mwini wace anatsata ndi njobvu, nalanda mudzi wa Camulodunum, ndiwo Colchester wa lero.

Amphamvu mtima sanasowe. Caratacus anakaniza Aroma zaka 8, nalimbikira m'mapiri a Wales. Pogonja iye anathawira kwa Cartimandua, mfumu yaikazi ya fuko la Brigantes. Koma iyeyo, pokhala bwenzi la Aroma, anammanga maunyolo nampereka m'caka ca 51. Taonani, amene anamgwira ndi Mbritoni mnzace!

Ndipo ubwenzi wotere unapindulanji? Prasutagus, mfumu ya fuko la Iceni, analinso bwenzi la Aroma. Koma atamwalira iye, Aroma analanda dziko lace, nakwapula mkazi wace Boudica, nacitira zoipa ana ace akazi. Pamenepo, ngati m'caka ca 60, Boudica anautsa nkhondo, natentha Colchester, London ndi Verulamium. Anthu ace anali aunyinji, koma Suetonius Paulinus anawagonjetsa ndi asilikari ngati 10,000 okha, ozolowera kuima pamodzi ndi kumvera mau amodzi.

Aroma anacoka ngati m'caka ca 410, atasiya miseu, midzi ndi linga la Hadrian. Kwa ife asiya phunziro ili: woitana wamphamvu wakunja kudzamthandiza pa mkangano wa pacibale atsegula khomo limene sadzakhoza kulitsekanso. Akuru athu ananena zoona: mutu umodzi susenza denga.