Injini Zinayi Zaludzu Zimene Zinatera ku Livingstone

KODI mukudziŵa kuti ulendo woyamba padziko lonse wa ndege ya jeti yonyamula anthu olipira unadzera m'dziko lathu lino? Pa May 2, 1952, ndege ya kampani ya BOAC yotchedwa Comet inanyamuka ku London ndi anthu 36. Inaima ku Rome, Beirut, Khartoum ndi Entebbe, ndipo tsiku lotsatira inatera ku Livingstone, malo ake omalizira kumwa mafuta isanafike ku Johannesburg. Ulendo wonsewo unatenga maola 23 ndi mphindi 40. Anthu a ku New York anayembekezera zaka zina 6 asanayambe kugula matikiti a jeti.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, kumbukirani zimene zinalipo kale. Kuyambira mu 1948 mpaka 1950, alendo ochokera ku England anali kubwera pa ndege zotera pamadzi, zimene zinali kutera pa Zambezi kumtunda kwa Mosi-oa-Tunya. Ulendo wawo wa ku South Africa unali wa masiku oposa anayi, akumagona m'mahotela panjira. Bwalo la ndege la Livingstone linatsegulidwa mu 1950, ndipo patangopita zaka ziŵiri panatera ndege yopanda mapulopela, yolira mokweza ngati mluzu, youluka makilomita oposa 700 pa ola.

Nchifukwa Ninji Inaima ku Livingstone?

Mungaganize kuti inaima kuti alendo aone mathithi. Yankho lenileni linali mkati mwa mapiko ake. Mmenemo munabisidwa injini zinayi zotchedwa Ghost, zopangidwa ndi kampani ya de Havilland imene inapanganso ndegeyo, ndipo zinali zaludzu kwambiri.

Ngati munaonapo wosula zitsulo akupopa mvukuto, mukudziŵa kale theka la nkhani: moto wopatsidwa mphepo yambiri umakolera mwaukali. Injini ya jeti imakoka mpweya kutsogolo, niupanikiza, niuthira mafuta a mtundu wa parafini ndi kuuyatsa. Mpweya wotenthawo umatulukira kumbuyo mwaliŵiro, ndipo ndege imakankhidwira kutsogolo. Potuluka, mpweyawo umazunguza gudumu la timapiko lotchedwa turbine, ndipo gudumulo ndilo limazunguza mbali yopanikiza mpweya ija. Frank Whittle wa ku Britain analembetsa lingaliro limeneli mu 1930, ndipo ndege yoyamba kuuluka nalo inali ya ku Germany, mu 1939, ndi injini ya Hans von Ohain.

M'injini ya Ghost mpweya wonse unali kudzera pamoto. Zimenezo zinapereka liŵiro, koma zinali kudya mafuta mosakaza, kotero kuti Comet sikanatha kudumpha mtunda wautali. Ndiponso mabwalo a kuno kwathu ali pamalo okwera ndi otentha. Livingstone ali pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo inu amene munakhalako mu October simufunikira kuuzidwa za kutentha kwake. Mpweya wotentha wa pamalo okwera ngwopepuka. Injini imakoka wochepa, ndipo mphamvu yake imatsika pamene ndege ikuifuna kwambiri, ponyamuka. Chotero ndege inayenera kunyamula mafuta ochepa ndi kuima kaŵirikaŵiri. Kufooka kwa injini nkumene kunaika tauni yathu panjira yaikulu ya dziko.

Ulemerero wa Comet unali waufupi. Pa January 10, 1954, ndege imodzimodziyo imene inatsegula njira ya ku Johannesburg inasweka m'mwamba pafupi ndi chisumbu cha Elba, ndipo anthu onse 35 anafa. Pa April 8 ina inagwera m'nyanja pafupi ndi Naples ili paulendo wa ku South Africa, nipha anthu 21. Ofufuza ku Farnborough anamiza thupi la Comet m'thanki yamadzi, nalipopa ndi kuliphwetsa maulendo ambirimbiri mpaka linang'ambika. Mlandu sunali wa injini. Chitsulo cha thupi la ndege chinali kutopa ndi kuchita ming'alu pafupi ndi ngodya za mazenera ndi ziboo zina. Komabe, pamene Angelezi anali kukonza zimenezo, msika unawapulumuka.

Ophunzira Apambana Mphunzitsi

Chodabwitsa nchakuti Aamereka anaphunzira jeti kwa Angelezi. Injini yoyamba ya jeti ya General Electric, mu 1942, inatengedwa ku pulani ya Whittle, ndipo Pratt & Whitney inayamba mwa kupanga injini ya Rolls-Royce yotchedwa Nene itagula chilolezo. Koma pofika mu October 1958, Boeing 707 ya Pan American inali kuuluka pakati pa New York ndi Paris ndi injini zinayi za Pratt & Whitney. Kampani ya injini ya de Havilland inamezedwa ndi Bristol Siddeley mu 1961, ndipo iyonso inagulidwa ndi Rolls-Royce mu 1966. Dzina la Ghost linatsala m'mabuku.

Ndiyeno panadza kusintha kumene kunakhudza Livingstone mwachindunji. Akatswiri anaika chokupizira mphepo, kapena kuti fani, kutsogolo kwa injini, kuti mpweya wina uzilambalala moto ndi kungokankhidwira kumbuyo uli wozizira. Kukankha mpweya wambiri pang'onopang'ono kumadya mafuta ochepa kuposa kukankha mpweya wochepa mwaliŵiro, ndipo phokoso limachepa. Conway ya Rolls-Royce inali yoyamba ya mtundu umenewu kunyamula anthu, mu 1960, ndipo ndiyo inayendetsa VC10, ndege imene inalinganizidwira dala mabwalo okwera ndi otentha a mu Afirika. Ndege zitaleka kumva ludzu msanga, zinalekanso kufuna malo ambiri oimapo. Salisbury, amene tsopano ndi Harare, anali ndi bwalo latsopano kumapeto kwa ma 1950, Lusaka anatsegula lake mu 1967, ndipo ndege zazikulu za ku Ulaya zinayamba kungodutsa m'mwamba mwa utsi wa mathithi. Lerolino ndege ya injini ziŵiri zokha imachoka ku London nikafika ku Johannesburg m'maola pafupifupi 11 popanda kuima paliponse.

Nkhuku Imene Inagwetsa Chimphona

Mwinamwake mukufunsa kuti: Ngati malondawa ali aakulu chotero, bwanji opanga injini ali oŵerengeka? Nkhani ya Rolls-Royce ikuyankheni. Mu 1968 kampaniyo inalonjeza Lockheed injini yaikulu yotchedwa RB211 kaamba ka ndege ya TriStar, pamtengo woikiratu. Inafuna kupanga mapiko a fani ndi ulusi wa kaboni m'malo mwa chitsulo kuti akhale opepuka. Tsono injini iliyonse imayenera kusonyeza kuti ingapirire itameza mbalame, ndipo oyesa amachita kuwombera nkhuku yakufa m'kamwa mwake ikuzungulira. Mapiko a kaboniwo anaphwanyika. Ndalama zinatha, ndipo pa February 4, 1971, kampani yotchuka koposa ya ku Britain inalephera kulipira ngongole zake. Boma la Edward Heath linaitenga kuti isafe, ndipo inadzagulitsidwanso kwa anthu wamba mu 1987. RB211 inadzakhala injini yabwino kwambiri, kholo la injini zonse zotchedwa Trent, koma popanda thumba la boma sikanaona dzuŵa.

Kupanga injini yatsopano kumadya madola oposa biliyoni imodzi ndi zaka zambiri musanagulitse ngakhale imodzi. Talingalirani kapiko kamodzi ka turbine, kosaposa chikhatho chanu. Kamagwira ntchito mumpweya wotentha kuposa kutentha kumene kungasungunule chitsulo chake chomwe. Sikasungunuka chifukwa kali ndi tiziboo tambiri mmene mumatuluka mpweya wozizirirapo umene umakakuta ngati chofunda. Mayiko okhoza kuumba kanthu kameneka mungawaŵerenge pa zala.

Pano tiyeni tipatuke pang'ono. Zitsulo zopirira moto zimenezi zimapangidwa makamaka ndi nickel, ndipo zambiri zimasanganizidwa ndi cobalt, mwala umene umakumbidwa pamodzi ndi kopa ku Copperbelt ndi kutsidya kwa malire ku Katanga. Pamene nkhondo inafika ku Kolwezi mu 1978, mtengo wa cobalt unakwera kuŵirikiza kangapo m'miyezi yochepa, ndipo opanga injini ku Amereka anayamba kufunafuna njira zochepetsera cobalt m'zitsulo zawo. Mwala wa kwathu umapita kunja pamtengo wa pa kilogalamu, nubwerera m'mimba mwa injini ya madola mamiliyoni ambiri.

Kampani ina imene inatsala pang'ono kufa ndiyo CFM International, imene General Electric ndi Snecma ya ku France, yotchedwa Safran masiku ano, anaikhazikitsa mu 1974 akumagaŵana theka ndi theka. Kwa zaka zisanu injini yawo, CFM56, inalibe wogula. Mu 1979 makampani angapo a ku Amereka anaisankha kuti iloŵe m'malo mwa injini zakale pa ndege zawo za DC-8, ndipo pambuyo pake Boeing anaiika pa 737-300, imene inayamba ntchito mu 1984. Popeza kuti 737 njaifupi miyendo, anachita kuphwathalalitsa kunsi kwa chivundikiro cha injiniyo kuti chisakhudze pansi. Mukadzaiona, yang'anitsitsani kamwa lakelo. Injini zimenezi zinapangidwa zoposa 30,000, ndipo Pratt & Whitney, amene anali mfumu ya msikawo ndi JT8D yake, anataya mpando.

Nkwazi ndi Ngongole Zake

Mbiri ya Zambia Airways yoyamba ili ngati kaundula wa opanga injini onse atatu. Kampaniyo inabadwa mu 1964 monga nthambi ya Central African Airways, niima payokha mu 1967. Ndege zake za BAC One-Eleven zinali ndi injini za Rolls-Royce Spey. Ma Boeing 707 ndi 737-200 amene anadza chapakati pa ma 1970 anali ndi za Pratt & Whitney. Ndipo DC-10 yotchedwa Nkwazi, imene inafika mu 1984 ndipo pambuyo pake inauluka kukafika ku New York, inali ndi injini zitatu za General Electric zotchedwa CF6. Funsani makolo anu za Nkwazi. Ambiri amaikumbukirabe monyadira.

Koma pali chinthu chimene wogula injini amadzachidziŵa pambuyo pake. Tiyerekeze kuti munthu wakugulitsani chigayo pamtengo wotsika kwambiri, koma masefa, nyundo ndi malamba ake onse muyenera kugula kwa iye yekha kwa zaka 25. Kodi phindu lake lili pati? Opanga injini amachita chimodzimodzi. Kaŵirikaŵiri amagulitsa injini yatsopano motayikitsa, akumadziŵa kuti ndalama zidzabwera mwa zitsulo zosinthira ndi kukonza. Kuyambira mu 1962, pamene Bristol Siddeley anayamba kulipiritsa eni ndege malinga ndi maola amene injini yauluka, njira imeneyi yafalikira, ndipo makampani ambiri tsopano amalipira pa ola lililonse.

Malipiro onsewa amafuna madola, pamene matikiti ambiri a kuno amagulidwa ndi kwacha. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasoŵa ndipo kwacha inayamba kufooka. Injini sizinali zokha zimene zinapha Zambia Airways. Panalinso ngongole, antchito ochuluka ndi njira zosapindula. Komabe kampani yaing'ono yokhala ndi mitundu ingapo ya injini imafunikira amakanika, zipangizo ndi nkhokwe za mtundu uliwonse, ndipo umenewo ndi mtolo wolemera. Mu December 1994 boma linaitseka.

Amene Atsala Pamsika

Lerolino, pa ndege zapakati zimene zili zochuluka koposa, Boeing 737 MAX imagwiritsira ntchito injini ya CFM yokha, yotchedwa LEAP, pamene wogula Airbus A320neo amasankha pakati pa LEAP ndi injini ya Pratt & Whitney yokhala ndi magiya. Zonse ziŵiri zinayamba ntchito mu 2016, ndipo mpweya wolambalala moto mwa izo umaposa wodzera pamoto kuŵirikiza nthaŵi zoposa 10. Pa ndege zazikulu mpikisano uli pakati pa General Electric ndi Rolls-Royce: Airbus A350 njya Rolls-Royce yekha, Boeing 777-300ER njya General Electric yekha, ndipo pa Boeing 787 amalimbirana. Ngakhale C919 ya ku China, imene inayamba kunyamula anthu mu 2023, imauluka ndi LEAP.

Kuchepa kwa ogulitsa kuli ndi ngozi yake. Mu 2023 Pratt & Whitney anaulula kuti ufa wachitsulo umene anapangira mbali zina za injini zake unali ndi zitsotso, ndipo ndege mazana ambiri padziko lonse zinaimikidwa kudikira kupimidwa. Eni ndegezo analibe sitolo ina yothamangirako.

Bwalo la Livingstone linapatsidwa dzina la Harry Mwaanga Nkumbula mu 2011, ndipo linakuzidwa pokonzekera msonkhano waukulu wa zokopa alendo wa United Nations umene tauniyo inachititsa pamodzi ndi Victoria Falls mu August 2013. Ndege zimene zakhala zikuterapo m'zaka zino nzazing'ono ndi zapakati, zobweretsa alendo amene abweradi kudzaona mathithi. Ma Boeing 737 a Comair ochokera ku Johannesburg anali ndi CFM56 mpaka kampaniyo inagwa mu 2022. Ma Embraer 190 ndi ma CRJ amayendera CF34 ya General Electric. Zambia Airways yatsopano, imene inayamba kuuluka mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, inayamba ndi Dash 8-400, ndege ya mapulopela. Musanyengedwe ndi mapulopelawo. Chimene chimawazunguza ndicho turbine ya Pratt & Whitney Canada, yokoka mpweya, kuupanikiza ndi kuuyatsa mofanana ndi jeti, ndipo pamtunda waufupi ngati wa Lusaka ndi Livingstone imadya mafuta ochepa kuposa jeti yeniyeni.