Mwana Wotsala pa Khonde

Ife amene tidakulira m'midzi ya ku Ntcheu, kaya kwa Ganya, kwa Njolomole kapena ku mapiri a Tsangano, tikumbukira kuti midzi yambiri idali ndi mwana amene sankatsagana ndi anzake. Anzakewo akamathamangira ku sukulu, iye ankatsala pa khonde, agogo ake akumuingira ntchentche. Wina adafika zaka zisanu khosi lisadalimbe. Wina ankayenda bwinobwino koma mawu osatuluka. Winanso ankagwa khunyu, mikono ili zipsera zokhazokha za moto. Maina amene tinkaŵatcha sitiŵabwereza pano, pakuti ngochititsa manyazi. Tifuna kulondola njira imene thandizo lidayenda kufikira lidampeza mwana ameneyu, popeza mwa onse aulumali iye ndiye adakumbukiridwa pomalizira.

Oyamba kuganiziridwa m'Malaŵi muno adali osaona. Amishoni adaŵatsekulira sukulu ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje cha m'ma 1950. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Abulazala a FIC adayamba kuphunzitsa ana osamva ku Nguludi, ndi kusula aphunzitsi pa koleji ya Montfort. M'chaka cha 1971 kudapangidwa lamulo limene lidabala bungwe la MACOHA, ndipo mu 1979 kudabadwa la Malawi Against Polio, lothandiza opuwala ndi ndodo, zitsulo za m'miyendo ndi njinga. Ntchito zonsezi nzotamandika. Komatu tiyeni tione: wosaona akadziŵa zilembo za Braille amakhoza mayeso, wopuwala akalandira ndodo amanyamuka nayenda, ndipo wothandizayo amaona zipatso ndi maso ake. Mwana wa nzeru zochedwa sapatsa munthu chimwemwe chofulumira chotere. Kugwira yekha supuni kungamtengere chaka chathunthu. Nchifukwa chake, m'kuganiza kwathu, maphunziro a aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira adadikira mpaka 1996 kuti ayambe pa Montfort, patapita zaka zoposa 40 chitsekulireni Chilanga.

Zaka zonsezo mtolo udali pa mutu pa mayi. Mudzi unkafuna woyambitsa, ndipo sunkachedwa kumpeza. Ena ankati bambo adakhwimira mwanayo kuti alemere. Ena ankati mayi sadadzisunge ali ndi pakati. Za khunyu nkumati limapatsirana m'malovu, kotero mwana akagwa pafupi ndi moto anthu ankayamba ataima patali. Kumene mwamuna amakhala pa chikamwini, kuchoka kudali kosavuta: bulangete pa phewa, basi ulendo. Otsala adali mayi ndi agogo aakazi, wina ku munda, wina pa khonde.

Chonsecho zifukwa zenizeni zidali pafupi. Mwana akachedwa m'njira pobadwa nasoŵa mpweya, akadwala chikasu chachikulu ali wakhanda, akagwidwa ndi nthenda youmitsa khosi kapena malungo a mu ubongo, bongo wake ungathe kuvulala kosabwerera. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adayamba kufufuza malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero nzodziŵika kuti mwa ana opulumuka, ena amatsala ndi khunyu, ena ndi vuto la kulankhula kapena la kuphunzira. Aliyense amene adagonapo m'chigwa cha Bwanje nyengo ya dzinja adziŵa udzudzu wa kumeneko. Amayi ambiri amene tinkaŵaloza zala adalakwiridwa ndi udzudzu, nafenso nkuŵalakwira kachiŵiri.

Kwa ife a ku Ntcheu, kusintha kudabwera pamene thandizo lidaleka kudikira pa boma niliyamba kuyenda lokha. Cha m'ma 1990 bungwe la Sue Ryder, lotchedwa dzina la mayi wa ku England amene adaliyambitsa, lidakhazikika ku Balaka niliyamba kuyendera midzi ya kumeneko ndi ya ku Ntcheu. Anamwino ndi akatswiri olimbitsa ziŵalo ankafika pa galimoto, ndipo anthu odzipereka a m'midzi momwemo ankafunafuna odwala ndi kuŵakumbutsa tsiku. Wodwala khunyu ankalandira mankhwala pafupi ndi kwawo. Zimenezi zingaoneke zazing'ono kwa amene sadaberekepo kumbuyo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu kuyambira mbandakucha mpaka dzuŵa pa liwombo. Chachikulu koposa, mwa kuona kwathu, chidali chakuti amayi amene aliyense ankayesa kuti tsoka nlake yekha adapezana pa bwalo limodzi, aliyense ndi wake kumbuyo, nayamba kufunsana za kadyetsedwe ndi kakhazikidwe ka mwana.

Makolo nawonso adadzipangira bungwe lawo la PODCAM, limene lili m'gulu la FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a aulumali wokhazikitsidwa mu 1999. Mwana amene sangathe kudzilankhulira adapeza pakamwa mwa makolo ake. Kuyambira apo mapepala adayenda mofulumira: Malaŵi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa aulumali mu 2009, napanga lamulo mu 2012, mu 2014 Pulezidenti Joyce Banda ndi bungwe la Special Olympics adachititsa msonkhano ku Lilongwe wokamba makamaka za anthu a nzeru zochedwa, mu 2024 lamulo latsopano lidasandutsa MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa pang'ono 10 ali ndi ulumali.

Malamulo onseŵa ndi ntchito zonsezi zidayang'ana kwambiri pa ana. Koma aja tinkaŵasiya pa khonde popita ku sukulu, amene akali moyo, lero ali ndi imvi ngati ife. Agogo adapita kale, amayi ambiri adatsatira. Tikapita kumudzi timaŵapeza kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo, amene alinso ndi ana ake, munda wake ndi mwamuna wofunsa kuti mlamu ameneyu akhala pano mpaka liti.