Njovu pa mtsinje wa Thames: mbiri ya zisangalalo za m'chisanu ku London

Mu Febuluwale 1814 anthu a mumzinda wa London anaona njovu ikuwoloka mtsinje wa Thames osanyowa ngakhale phazi. Madzi anali ataundana kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lija, ndipo chilombocho anachiyendetsa pamwamba pake, chakumunsi kwa mlatho wa Blackfriars. Pamtsinjepo panali matenti a mowa, ovina, otchova juga, ndi ena amene ankawotcha nkhosa yathunthu n'kumagulitsa kanthuli kamodzi pa sheleni imodzi. Msikawo unangokhala masiku anayi, madzi n'kuyamba kusungunuka. Unali womaliza, chifukwa kuchokera chaka chimenecho Thames sanaundanenso chotero pakati pa mzinda.

Lero mabanja amene amapita ku London mu Disembala, kuphatikizapo abale athu okacheza kwa ana awo amene amagwira ntchito kumeneko, amapeza mzinda wodzaza ndi nyale, misika ndi mabwalo otsetserekapo. Ife Khirisimasi timadya mvula ili mkati, chimanga chikubiriwira. Kumeneko ndi pakati pa chisanu, dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane. Ambiri amayesa kuti zisangalalo za nyengoyi ndi mwambo wa tchalitchi. Mbiri yake ikusonyeza kuti zambiri anaziyambitsa ndi anthu ofuna ndalama, ndipo oyambirira enieni anali anthu amene chisanu chinawalanda ntchito.

Mpaka 1750, pakati pa London panali mlatho umodzi wokha, London Bridge wakale, umene unamalizidwa mu 1209. Wofuna kuwoloka kapena kutsika ndi mtsinje ankalipira opalasa mabwato. Mlathowo unali ndi mipata 19 yopapatiza, ndipo mizati yake inali yaikulu moti madzi ankachita kupanikizana kuti adutse. Zaka zimenezo dziko la Ulaya linkazizira kuposa masiku ano. Chisanu chikakula, zidutswa za madzi oundana zinkakodwa m'mipatamo, madzi akumtunda n'kuima, kenako mtsinje wonse n'kugwirana. Apabwato ankadzuka m'mawa n'kupeza kuti bwato lilibe poyenda, ana kunyumba akufuna chakudya.

Sanangokhala manja lende. Ankaimika matenti pamtsinje pomwepo pogwiritsa ntchito nkhafi ndi matanga a mabwato awo. Mu 1814 anafika pokumba ngalande m'mphepete mwa madzi oundanawo n'kuyala thabwa, kuti aliyense wofuna kukwera pamtsinje adutse pathabwapo atalipira. Amene anaonapo anyamata akuwolotsa anthu pa kamtsinje kosefukira m'dzinja, wina kumsana wina padzanja, ndalama patsogolo, akudziwa nzeru imeneyi.

Msika woyamba wodziwika bwino wa mtundu umenewu unachitika mu 1608, koma wotchuka kwambiri ndi wa chisanu cha 1683 mpaka 1684, pamene mtsinje unakhala woundana pafupifupi miyezi iwiri. John Evelyn, amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, anafotokoza za misewu ya matenti, ngolo za akavalo zonyamula anthu pamtsinje kuchokera ku Westminster kupita ku Temple, mipikisano, masewero a zidole ndi ophika zakudya. Munthu wina wosindikiza, dzina lake Croom, anakokera makina ake pamtsinje n'kumasindikiza dzina la munthu pakapepala, pamodzi ndi tsiku ndi mawu osonyeza kuti kasindikizidwira pa Thames. Dzina limodzi linali makobiri asanu ndi limodzi, ndipo Evelyn analemba kuti anthu ankati mkuluyo ankapha mapaundi asanu pa tsiku. Mfumu Charles II nayo inabwera ndi banja lake n'kusindikizitsa kake. Kapepalako kanalibe ntchito ina koma kuonetsa anzako kuti unaliko, zimene lero timachita ndi foni.

Evelyn yemweyo sanabise mbali inayo. Mbalame ndi nsomba zinkafa, mitengo inkang'ambika ndi kuzizira, utsi wa malasha unkatsamwitsa anthu m'misewu, ndipo nkhuni ndi malasha zinakwera mtengo moti panachitika zopereka kuti osauka asafe. Amene ankaseka pamtsinje ndi amene ankalira m'nyumba zozizira anali a mzinda umodzi.

Chimene chinathetsa misikayi ndi ntchito ya amisiri. Mu 1831 anatsegula mlatho watsopano wa mipata isanu yotakasuka, wakale uja n'kuugwetsa. M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 Joseph Bazalgette anamanga makoma m'mbali mwa mtsinje, mtsinjewo n'kupapatiza, madzi n'kumathamanga. Madzi othamanga saundana msanga. Ngakhale chisanu choopsa cha 1963 chinangogwira Thames kumtunda kwa mzinda.

Anthu anasamukira ku maiwe a m'mapaki. Kumeneko ankavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi n'kumatsetsereka. Pa 15 Januwale 1867 madzi oundana a padziwe la ku Regent's Park anasweka anthu ali pamwamba. Anthu pafupifupi 200 anagwera m'madzi ozizira atavala zikhoti zolemera, ndipo 40 anafa. Pambuyo pa ngoziyo dziwelo analikwirira kuti lisapitirire mita imodzi ndi pang'ono kuya kwake.

Maganizo opanga malo otsetserekapo osadalira nyengo anali atayamba kale. M'zaka za m'ma 1840 ena anayesa kusakaniza mafuta a nkhumba ndi mchere wamitundumitundu n'kuzipaka pansi. Zinkaterera ndithu, koma fungo lake linathamangitsa makasitomala. Amene anapambana ndi John Gamgee, dokotala wa ziweto. Mu 1876 anatsegula Glaciarium ku Chelsea, komwe makina ankayendetsa mankhwala ozizira m'mapaipi oyalidwa pansi pa madzi, madziwo n'kuundana. Malowo anali a mamembala olemera okhaokha. Mabwalo ambiri amene ana amatsetserekapo ku London lero amagwira ntchito mwanjira yomweyo: pansi pali mapaipi, kuseri kuli makina akulira usana ndi usiku.

Mtengo wa Khirisimasi nawo si wakale ku Britain monga ambiri amaganizira. Unafala pambuyo pa 1848, pamene nyuzipepala ya Illustrated London News inatulutsa chithunzi cha Mfumukazi Victoria, mwamuna wake Albert amene anali Mjeremani, ndi ana awo atazungulira mtengo wokongoletsedwa. Koma mtengo umene alendo amapita kukaona, wa pabwalo la Trafalgar Square, unayamba mu 1947, ndipo sunabadwe m'malonda. Ndi mphatso yochokera ku mzinda wa Oslo. Dziko la Norway litalandidwa ndi asilikali a Germany mu 1940, Mfumu Haakon VII ndi boma lake anathawira ku London ndipo anakhala ku Britain mpaka 1945. Chaka chilichonse anthu a ku Oslo amadula mtengo wa zaka 50 kapena 60, wotalika mamita 20 kapena kuposa, n'kuutumiza pa sitima yapamadzi. Nyale zake amaziyatsa Lachinayi loyamba la Disembala, ndipo amazimanga motsika kuchokera kunsonga, monga amachitira ku Norway. Ulendo wa panyanja umauthothola, ndiye zaka zina umafika wooneka wofooka. Mu 2021 anthu anauseka kwambiri pa intaneti. Kuseka mphatso ya mnzako amene wakhala akukuthokoza kwa zaka zoposa 70 si khalidwe, koma Angelezi amati n'kucheza chabe.

Nyale za m'misewu ndiye ndi za eni masitolo basi. Amalonda a mu Regent Street anazipachika koyamba mu 1954, a mu Oxford Street n'kutsatira mu 1959, cholinga chili chokopa ogula. Mu Regent Street momwemo muli sitolo ya zidole ya Hamleys, imene yakhala mumsewuwo kuyambira 1881. Kholo lolowa mmenemo ndi ana lidziwiretu kuti kutuluka kwake ndi nkhondo.

Zambiri zimene lero zimaoneka ngati zachikhalire ndi za dzulodzuloli. Bwalo la pakati pa nyumba ya Somerset House linali poimikapo magalimoto a ogwira ntchito m'boma, makamaka a zamisonkho, kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2000 anaikapo bwalo lotsetserekapo, ndipo malo ena otchuka anatengera. Kew Gardens inayamba kuyatsa nyale m'minda yake usiku mu 2013. Chachikulu pa zonse ndi Winter Wonderland ya ku Hyde Park, imene inayamba mu 2007 ndipo imatsegulidwa kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale. Muli gudumu lalikulu lokwezera anthu m'mwamba, akatungwe a magetsi, masewero odabwitsa a m'tenti, ndi timanyumba tamatabwa togulitsa masoseji ndi vinyo wotentha potengera misika ya ku Germany. Kwa zaka zambiri kulowa kunali kwaulere. Mu 2020 sinachitike chifukwa cha Covid-19, ndipo itabwerera mu 2021 anayamba kufuna kuti munthu asungitsiretu malo, komanso alipire pachipata ngati akubwera nthawi imene anthu amachuluka. Ndalama ya pachipatayo si ya katungwe ayi. Chilichonse mkatimo chili ndi mtengo wake, ndipo bambo wa ana atatu amatulukamo thumba litapepuka.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amauza alendo kuti ukapanda kufika ku Hyde Park ndiye kuti London sunamuone. Ana aang'ono amatopa ndi mizere, phokoso ndi kuzizira kwa m'zala. Mtengo wa ku Trafalgar Square ndi waulere kuuona, ndipo madzulo ambiri a mu Disembala pamakhala makwaya akuimba pansi pake. Nyale za mu Regent Street zimaoneka bwino munthu atakhala m'chipinda chapamwamba cha basi yofiira. Ku South Kensington kuli Natural History Museum ndi Science Museum, zimene zakhala zaulere kulowa kuyambira 2001, ndipo mkati mwake ndi mofunda. Mwana amene waima pansi pa mafupa a namgumi opachikidwa kudenga sakumbukiranso katungwe.

Mwambo umodzi wa nthawi ya Victoria ukadalipo ndipo suuza munthu kuti alipire. M'mawa wa pa 25 Disembala, mamembala a Serpentine Swimming Club amapikisana kusambira mayadi 100 m'dziwe lozizira la ku Hyde Park, monga akhala akuchitira kuyambira 1864. Kuonerera n'kwaulere, koma wofuna kupitako akonzeke kuyenda wapansi kapena kulipira takisi yodula. Pa tsiku la Khirisimasi sitima zapansi ndi mabasi a mumzinda wa London siziyenda, ndipo nyumba zazikulu zosungiramo zinthu zakale zimakhala zotseka kuyambira pa 24 mpaka pa 26 Disembala.