Mayeso a GMAT: Kodi Amayesa Wophunzira Kapena Sukulu?

M'chaka cha 1953, akuluakulu a sukulu zisanu ndi zinayi za maphunziro a zamalonda ku America, kuphatikizapo Harvard, Columbia ndi Chicago, anakumana ndi bungwe lokonza mayeso la Educational Testing Service. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti ofuna malo ankachokera m'makoleji osiyanasiyana, ndipo malikisi a koleji ina sankalemera mofanana ndi a inzake. Ankafuna muyeso umodzi wa anthu onse. Mayeso oyamba analembedwa mu 1954, ndipo mu 1976 anapatsidwa dzina limene likudziwika lero la GMAT.

Pachiyambi, ntchito ya mayesowa inali yochepa: kuona ngati munthu angakwanitse maphunziro a chaka choyamba. Si onse amene ankawakhulupirira. Mu 1985 sukulu ya Harvard inasiya kuwafuna, koma patapita zaka pafupifupi khumi inabwereranso kwa iwo.

M'zaka zomwezo zinthu zinasintha. Kuyambira mu 1990, magazini ya U.S. News & World Report inayamba kusanja sukulu za zamalonda chaka ndi chaka, ndipo china mwa zimene inkayang'ana chinali avereji ya malikisi a GMAT a ophunzira amene sukulu yawatenga. Malikisiwo ankayambira 200 kulekezera 800. Apa mayeso amene anakonzedwa kuti ayese wophunzira anayamba kuyesanso sukulu. Wofunsira malo wa malikisi otsika tsopano ankatsitsa avereji ya kalasi yonse, pamene wa malikisi apamwamba ankaikweza, mwinanso n'kupatsidwa thandizo la fizi kuti asapite kwina. Luso pa ntchito, makalata a umboni ndi mayankho a pa intavyu zinkawerengedwabe, koma palibe mwa izi chimene chinkaoneka pa mndandanda wa magazini ngati nambala ija.

Vutoli limamupweteka kwambiri wofunsira malo wochokera kutali, monga kuno ku Africa. Mayeso ndi a m'Chingerezi, amalipiridwa madola oposa 200, ndipo mabuku ndi maphunziro okonzekera amafunanso ndalama. Komabe nambala yomweyo ndiyo imamulankhulira kwa akuluakulu a sukulu amene sanamvepo dzina la yunivesite yake.

Mphamvu za GMAT zakhala zikuchepa. Stanford inayamba kulandiranso mayeso ena otchedwa GRE mu 2006, ndipo Harvard inatsatira mu 2009. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, sukulu zambiri zinalola anthu kufunsira malo popanda mayeso. Mu 2023 eni ake a GMAT anatulutsa mayeso afupiafupi, a malikisi oyambira 205 kulekezera 805.

Mbiriyi ikusonyeza kuti kulemera kwa malikisi sikuchokera m'mayeso mokha. Malinga ngati magazini akusanjabe sukulu poyang'ana avereji, mwayi wa wofunsira malo udzadalira zinthu ziwiri: zimene iye angakwanitse m'kalasi, ndi zimene nambala yake ingachite pa mbiri ya sukuluyo.